Kujambula filimu ya munthu wa mitima iwiri

Buku limakulowetsani m'mutu mwa munthu, koma kamera singathe. Ndiye mukatenga nkhani ngati ya Jekyll ndi Hyde, ya dokotala wabwino amene amasanduka munthu woipa akamwa mankhwala, yomwe Robert Louis Stevenson anatulutsa mu 1886, musathamangire kumuveka chigoba wosewera wanu. Ine ndinayesapo ku Nchalo, anthu anangofa ndi phwete.

Wosewera akhale mmodzi yemweyo, musinthe tizinthu ting'onoting'ono. Masana azidya nsima ndi dzanja lamanja, usiku ndi lamanzere. Mkazi wake aone koma asanene kanthu, kamera ikhalitse pankhope pake. Maganizo ataliatali a m'bukumo dulani, kufotokoza kwambiri kumapha mantha.

Muzijambula m'mamawa. Kuno mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo foni imazima yokha, thukuta n'kukokolola zodzoladzola zonse.