Kukambirana ndi mabwana zinthu zisanafike pa sitalaka

Ndimaimirira anzanga mu yuniyoni pamalo ena a ntchito kuno ku Zomba, ndipo madandaulo amene amatipeza kawirikawiri ndi awiri: ovataimu yosalipidwa, ndi munthu kuchotsedwa ntchito asanamvedwe mbali yake. Zambiri mwa nkhanizi zimatha konkuno, osafika kukhoti, bola mukonzekere.

Yambani ndi mapepala. Mayi wophika amene amanyamuka ku Chinamwali kusanache n'kuweruka usiku abweretse ma pay slip ake ndi buku limene amasainamo polowa ndi potuluka. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi maola tsiku ndi tsiku, mulembe. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Ola loonjezera limalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri. Mukangoti "mukutibera", abwana amatseka makutu. Mukawaikira pepala patsogolo n'kuti "bwana, onani Loweruka ili, mayiwa anatuluka 9 koloko usiku", amatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera okha. Ine ndimakonda pamenepo, chifukwa mkangano umasanduka masamu.

Musanalowe mu ofesi, gwirizanani nokhanokha chimene simungagonje nacho ndi chimene mungadikire. Olankhula akhale mmodzi kapena awiri. Mvetseraninso mavuto a olemba ntchito, poti nthawi zina ndalama zimakhala zavutadi. Akanena kuti ndalama zavuta, apempheni aonetse mabuku, kenaka mukambirane zolipira ngongoleyo pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi. Kulandira m'magawo atatu n'kwabwino kuposa kampani kutsekedwa tonse n'kukakhala pakhomo.

Chilichonse mwagwirizana chilembedwe tsiku lomwelo, masiku olipira atchulidwe, mbali zonse zisaine. Lonjezo la pakamwa limaiwalika bwana akangosamutsidwa.

Abwana ena amakana ngakhale kukhala nanu pansi. Dziwani kuti Labour Relations Act ya 1996 imati yuniyoni ikakhala ndi mamembala osachepera 20 pa ogwira ntchito 100 aliwonse pamalopo, olemba ntchito ayenera kukambirana nayo. Choncho kaundula wa mamembala azikhala wolongosoka. Mungapemphenso uphungu ku MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno, monga momwe olemba ntchito amadalira bungwe lawo la ECAM.

Zikakanika, pitani ku ofesi ya leba ya boma lino. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo akadandaule miyezi itatu isanathe. Ambiri amataya mwayiwu podikirira kuti mwina abwana asintha maganizo, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Nkhani ya ufulu umene uli kale m'lamulo kapena mu kontirakiti ikakanika pamenepo, imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito.

Nkhani yofuna kukwezedwa malipiro ili ndi njira yake. Mkanganowo umakanenedwa ku unduna wa zantchito, mkhalapakati amapatsidwa masiku 21 kuti akuyanjanitseni, ndipo akalephera mumapereka chidziwitso cha masiku 7 musananyanyale ntchito. Masiku 21 amenewa musawatenge ngati ongodikirira sitalaka. Pitani ku msonkhano uliwonse ndi ziwerengero zanu, mitengo ya ufa, lendi ndi thiransipoti ya ku Matawale kapena ku Mpondabwino. Auzeninso mamembala poyera kuti chisinthireni lamulo mu 2021, sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka, abwana amaloledwa kudula malipiro a masiku otsalawo.