Mmene Mungasankhire Katapila wa Backhoe Wogwiritsidwapo Kale Ntchito

Kwa kontrakitala wamng'ono amene amakumba maziko a nyumba, ngalande ndi maenje a zimbudzi, katapila wa backhoe ndi woyenera chifukwa kutsogolo ali ndi fosholo yonyamulira dothi, kumbuyo ali ndi mkono wokumbira, ndipo amayenda yekha pamsewu. Mitundu ngati JCB 3CX, Caterpillar 428 ndi Case 580 ndi yodziwika, choncho zipangizo zake sizivuta kupeza poyerekeza ndi za mitundu yosowa.

Kaoneni makinawo m'mawa injini isanalizidwe, ndipo mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oilo, pamene utsi woyera wosatha ukhoza kutanthauza kuti madzi akulowa m'masilinda. Musadalire mita yowerengera maola yokha, pakuti ikhoza kusinthidwa. Yerekezerani maolawo ndi kuperepeseka kwa mapedulo komanso zolembedwa m'buku la sevisi.

Mbali ya hydraulic, imene imayendetsa mkono ndi fosholo pogwiritsa ntchito mphamvu ya oilo wopanikizidwa, ndiyo yofunika kuiunika modekha, chifukwa kuikonza kumadya ndalama zambiri. Kwezani mkono m'mwamba, muzimitse injini, kenako mudikire pataliko. Mkono ukamatsika wokha, ndiye kuti masilinda a hydraulic okankha mkonowo kapena mavavu owongolera oilo akudontha mkati. Uyendetseninso uku ndi uku kuti muone ngati mapini olumikiza zigawo za mkonowo akugwedera, ndipo mufufuze ming'alu ndi malo owotcherera pa chitsulo chake.

Musanalipire, tsimikizani kuti nambala ya chasisi ikugwirizana ndi ya pa zikalata, komanso kuti msonkho unalipidwa ngati makinawo anachokera kunja.