Mmene Mungaonerere ndi Kuweruza Filimu Yoopsa ya Black Christmas

Pali mtundu wa mafilimu oopsa amene nkhani yake imakhala ya munthu wosadziwika amene amapha anthu mmodzimmodzi, ndipo ambiri mwa mafilimu otere amachitika pa tsiku la chikondwerero, monga Khirisimasi kapena Halloween. Anthu ambiri amaweruza mafilimuwa powerenga mitembo ndi kuona kuchuluka kwa magazi, koma njira imeneyo imabisa kusiyana kwa filimu yopangidwa mwaluso ndi yongofuna kunyansa woonera. Pano ndikupatsani njira ina, ndipo ndigwiritsa ntchito Black Christmas, filimu ya ku Canada ya mu 1974 imene anatsogolera ndi Bob Clark. Dziwiranitu kuti nditchula mmene nkhani yake imathera, komanso kuti si filimu yoonera pamodzi ndi ana.

Yambani ndi kutsimikiza kuti mwapeza filimu yoyenera, chifukwa pali mafilimu atatu a dzina lomweli: ya mu 1974, ya mu 2006 ndi ya mu 2019. Imene tikukamba pano ndi yoyambayo, ya mphindi 98, imene anajambulira mumzinda wa Toronto, ndipo muizindikira poona maina a Olivia Hussey, Margot Kidder, Keir Dullea ndi John Saxon. Muionere usiku, pamalo opanda phokoso, ndipo ngati mukuonera pa foni kapena pa kompyuta muvale zomvetsera za m'makutu, popeza mantha ambiri a filimuyi amalowera m'khutu. Musanayambe, popeza wakupha wa m'filimuyi amaopseza anthu pa foni, kumbukiraninso kuti m'zaka zimenezo foni inali ya nthambo, yokhazikika m'nyumba, ndipo sinkasonyeza nambala ya woimba. Kuti apolisi adziwe kumene foni ikuchokera, pankafunika kuti woimbayo alankhule nthawi yotalikirapo pamene katswiri akutsatira mzerewo pakati pa makina a kulikulu la mafoni. Amene wakula ndi foni ya m'manja akapanda kudziwa zimenezi, aona ngati anthu a m'filimuyi akungotaya nthawi.

Mukayamba kuonera, funso loyamba likhale lakuti: kodi chikondwererocho chikugwira ntchito yanji m'nkhaniyi? Muyese kuchotsa Khirisimasi m'maganizo mwanu, muone ngati nkhaniyo ingaimebe. Nkhani ya Black Christmas imachitikira m'nyumba yogonamo atsikana a pa koleji, pa nthawi imene aliyense akulongedza katundu kupita kwao kutchuthi, ndipo apa ndi pamene pagona luso lake. Clare, mtsikana woyamba kuphedwa, amaphedwa akulongedza zovala m'chipinda chake, ndipo anzake sadera nkhawa msanga chifukwa ndi masiku amene anthu amachoka osatsanzika bwinobwino. Amene amayamba kuda nkhawa ndi bambo ake, amene amamudikira pamalo amene anagwirizana koma mwanayo osatulukira. Mrs. Mac, mayi woyang'anira nyumbayo, anali atanena kale kuti akupita kwa mchemwali wake, motero ataphedwa palibe amene akumufunafuna. Ndiye pali malo amene ine ndimawaona kuti ndi opambana onse: ana afika pakhomo kudzaimba nyimbo za Khirisimasi, Jess, mtsikana amene ali pakati pa nkhaniyi, waima pakhomopo akumvetsera, pamene m'chipinda cham'mwamba mnzake Barb akubayidwa ndi kachidole kagalasi kokhala ndi nyanga imodzi, ndipo mawu a anawo akuphimba zonse. Mukachotsa Khirisimasi, zinthu zitatu zonsezi zimagwa. Filimu imene imangoveka wakupha zovala za Father Christmas imakopa maso msanga, monga inachitira Silent Night, Deadly Night mu 1984, imene makolo ku America anaikana mpaka inachotsedwa m'nyumba zoonetsera kanema, koma chovala chokha si umboni wakuti chikondwerero chalowa m'mafupa a nkhani.

Chachiwiri, tcherani khutu kuposa mmene mukupenyera. Wakuphayo sitimuona nkhope yonse mpaka filimu kutha. Timaona manja ake akukwera khoma kulowa m'chipinda cha kudenga, kamera ili ngati maso ake, ndipo nthawi ina timaona diso lake limodzi likusuzumira pa mpata wa chitseko. Chimene timamudziwira ndi mawu ake a pa foni. Amayamba ndi kupuma mwamphamvu ndi zotukwana, kenako amasintha mawu, pena ngati mwamuna, pena ngati mkazi wokalipa, pena ngati mwana wolira, akutchula maina a Billy ndi Agnes ngati akubwereza tsoka lina la m'banja limene linachitika kalekale. Pamene mukumvetsera, yesani kulumikiza zidutswa zimenezi, ndipo muona kuti filimuyo siikupatsani yankho lathunthu. Ena amati kumeneku ndi kulephera, koma ine ndimati ndi mphamvu yake, chifukwa filimu ya mu 2006 inafotokoza mbiri yonse ya Billy kuyambira ali mwana, ndipo mantha anachepa pomwepo. Mvetseraninso nyimbo za Carl Zittrer, zimene zimamveka ngati kubuula kwa nsambo za piyano osati nyimbo yoti munthu n'kuiimba.

Chachitatu, dzifunseni ngati anthu amene akuphedwawo mukuwadziwa monga anthu. M'mafilimu ofooka a mtundu umenewu, atsikana amangoikidwamo kuti afe, ndipo woonera saakumbukira n'komwe maina awo. Pano si choncho. Barb, amene anasewera ndi Margot Kidder, ndi wakumwa komanso wa pakamwa pakuthwa, koma koyambirira timamumva akulankhula pa foni ndi mayi ake amene asintha mapulani a tchuthi n'kumusiya yekha, ndipo kuchokera pamenepo kuledzera kwake kumatimvetsa chisoni. Jess ali ndi pakati ndipo watsimikiza mtima kuchotsa, pamene chibwenzi chake Peter, wophunzira kuimba piyano, akukana mwaukali n'kumafuna ukwati. Filimuyi inatuluka patangopita chaka chimodzi khoti lalikulu la ku America litapereka chigamulo cha Roe v. Wade mu 1973, chimene chinaloleza kuchotsa pakati, choncho nkhaniyi inali yamoto pa nthawiyo. Kaya maganizo anu pa nkhani ya kuchotsa pakati ndi otani, onani mmene mkanganowu ukugwirira ntchito: umapatsa apolisi, Jess ndi woonera yemwe chifukwa chokayikira Peter, makamaka pamene woimba foni uja abwereza mawu amene Peter ananena kwa Jess ali awiri.

Mukatero fikani pa zofooka, ndipo musazichitire manyazi. Chachikulu ndi chakuti mtembo wa Clare, nkhope yake itakutidwa ndi pepala la pulasitiki, umakhala pa mpando wogwedezeka pafupi ndi zenera la chipinda cha kudenga kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, koma apolisi amene akufunafuna mtsikanayo m'tauni yonse saganiza zokwera m'chipindacho, ngakhale atadziwa kuti wakuphayo anali m'nyumba momwemo. Zimenezi n'zovuta kukhulupirira. Nthabwala nazo zimatalika kuposa muyeso: mabotolo a mowa amene Mrs. Mac wabisa ponseponse m'nyumba, ndi kupusa kwa wapolisi wotchedwa Nash, zimaseketsa poyamba koma kenako zimaziziritsa nkhani pa nthawi imene iyenera kutentha. Peter nayenso amamukokomeza kwambiri, mpaka kuphwanya piyano atalephera kuimba bwino pa mayeso, kotero kuti woonera wochenjera amazindikira msanga kuti akusocheretsedwa dala.

Komabe posanthula zofooka muzisiyanitsa kulakwa kwa filimu ndi chisankho chimene munthu weniweni angapange. Nash atamuuza Jess kuti mafoniwo akuchokera m'nyumba momwemo (m'chipinda cha Mrs. Mac munali foni ya nambala ina), ndiponso kuti atuluke msanga, iye amaima pakhomo n'kufuula maina a anzake Phyl ndi Barb, kenako amatenga chitsulo chosonkhezera moto n'kukwera masitepe. Oonera ambiri amakwiya pamenepa. Ine sindikuona cholakwika, chifukwa Jess sakudziwa kuti anzakewo afa kale, ndipo filimu yonse yatisonyeza kuti ndi munthu amene sataya anzake. Chisankho choopsa chimene chikugwirizana ndi khalidwe la munthuyo si chofooka, koma apolisi kuiwala chipinda chonse kuti nkhani ipitirire ndiye chofooka.

Ngati mungathe, ioneraninso kachiwiri patapita masiku angapo, ndipo ulendo umenewu muzitsatira kumene Peter ali nthawi iliyonse foni ikalira. Muziyang'ananso mmene kamera imayendera m'makonde opanda munthu, chifukwa njira imeneyi, pamodzi ndi ya kuona ndi maso a wakupha, mudzaipezanso mu Halloween ya John Carpenter ya mu 1978, imene inatchuka kwambiri kuposa iyi ngakhale inabwera pambuyo ndi zaka zinayi.

Mathero muwaweruze ndi mbali zake zonse ziwiri. Jess amathawira m'chipinda cha pansi pa nyumba, Peter amaswa zenera n'kulowa akumuitana, ndipo apolisi pofika amapeza Jess atamupha ndi chitsulo chija. Poganiza kuti mlandu watha, amamugoneka Jess pabedi atapatsidwa mankhwala ogonetsa, kenako onse amatuluka mmodzimmodzi n'kumusiya yekha m'nyumba imene mwangophedwa anthu. Kumusiya yekha koteroko ndi chofooka china chimene sindingachiikire kumbuyo. Koma chimene chimatsatira n'chimene chimachititsa kuti filimuyi ikumbukike: kamera imadutsa m'khonde mwakachetechete, timamva mawu a wakupha uja kudenga, timaonanso nkhope ya Clare pa zenera, kenako kamera imabwerera m'mbuyo n'kutisonyeza nyumba yonse ndi wapolisi mmodzi ataima panja. Pamenepo foni imayamba kulira. Musathimitse maina a osewera akayamba kudutsa, chifukwa palibe nyimbo imene imaikidwapo, ndipo muyenera kumva nokha kuti foniyo ikulirabe popanda woiyankha.