Mmene mungalowere kuseri kwa sitima zikuluzikulu zapanyanja ndi kupeza malo pamaphwando a oitanidwa okha

Munthu wa ku Mzuzu amene anatsikirapo ku Nkhata Bay kukakwera Ilala amadziwa kuti pasitima imeneyi ntchito yambiri imagwiridwa anthu akuona. Mabwato amatsitsidwa pamaso pa aliyense, matumba a ufa ndi a usipa amakwezedwa anthu ataimirira pambali, ndipo wokwera amene ali ndi funso amatha kulankhula ndi wantchito popanda kupempha chilolezo kwa wina. Sitimayi, yomwe inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949 ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira mu 1951, ndi yaing'ono moti palibe zambiri zoti zibisike. Sitima zonyamula alendo okasangalala panyanja zamchere n'zosiyana kwambiri. Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, yomwe inayamba kuyenda mu 2024, imatha kunyamula alendo pafupifupi 7,600 ndi antchito oposa 2,000, koma mlendo angathe kukhalamo sabata yathunthu osaona kumene kumaphikidwa chakudya chake, kumene kumachapidwa zofunda zake, ngakhalenso chipinda chimene akuyendetsera sitimayo. Zonsezi zili kuseri kwa zitseko zolembedwa kuti n'za antchito okha.

Njira zolowera kuseriko zilipo ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi ulendo wolipira woyendera zam'kati mwa sitima, umene aliyense angagule malinga ngati wafulumira. Yachiwiri ndi kuitanidwa, kumene sikugulidwa pakauntala koma kumabwera chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo amene munthu wayenda ndi kampaniyo kapena mtundu wa chipinda chimene walipira. Kwa amene akukwera koyamba, maganizo anga ndi akuti aike mtima pa njira yoyambayo.

Kukonzekera kumayamba musanagule n'komwe tikiti. Kwa ife a kuno, doko lapafupi lonyamukira maulendo otere ndi Durban, kumene sitima za MSC Cruises zimayenda nyengo yotentha ya ku South Africa, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Malichi kapena Epulo, kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, ndiponso ku Mauritius pamaulendo aatali. Kusiyana kwa maulendowa n'kofunika, chifukwa kuyendera zam'kati kawirikawiri kumachitika tsiku limene sitima ili pakati panyanja osaima padoko lililonse. Tsiku loima padoko akuluakulu a sitima amatanganidwa ndi kukocheza, kutsitsa alendo ndi kulandira katundu, choncho safuna gulu la anthu m'makonde awo. Ulendo waufupi wa mausiku 3 kapena 4 ungakhale wopanda mwayi umenewu, pamene ulendo wopita ku Mauritius uli ndi masiku angapo a pakati panyanja. Funsani wogulitsa matikiti ngati sitima imene mukufunayo imachititsa ulendo wa zam'kati, ndipo mufunse za sitimayo ndi tsiku lakelo, osati za kampani yonse, chifukwa ngakhale sitima za kampani imodzi sizichita zofanana. Maulendo a zam'katiwa anaimitsidwa panthawi ya Covid-19 ndipo anabwerera pang'onopang'ono, kotero zimene munthu wina anaona zaka zapitazo sizingakhale umboni wa lero.

Kudziwa dzina la chinthu chimene mukufuna kumathandiza, popeza kampani iliyonse ili ndi lake. Ku Royal Caribbean amati All Access Tour, ku Carnival amati Behind the Fun, ku Princess Cruises ankati Ultimate Ship Tour, ndipo makampani ena amangoti Behind the Scenes Tour. Mukalipira tikiti mumapatsidwa nambala yolowera patsamba la kampani kapena pa app yake, ndipo ngati ulendo wa zam'kati ukugulitsidwa pasadakhale, umapezeka pamalo amodzi ndi maulendo okaona malo kumtunda. Gulani pomwepo. Gulu limakhala laling'ono, la anthu osapitirira makumi awiri nthawi zambiri, pasitima ya anthu masauzande. Ngati sukuoneka pa intaneti, ndiye kuti umagulitsidwa m'sitima momwemo, ndipo chinthu choyamba kuchita mukangolowa, musanapite n'komwe kukadya, ndi kupita kukauntala yogulitsa maulendo kapena ya olandira alendo kukalembetsa dzina. Mukapeza malo atatha, pemphani kuti akulembeni pamndandanda wa odikira, chifukwa pamakhala ena osintha maganizo, ndipo nthawi zina oyang'anira amatsegula gulu lachiwiri akaona kuti ofuna achuluka.

Nkhani ya ndalama ikufunika kuiganizira mukadali ku Mzuzu. Pamakampani ena mtengo wa ulendowu umadutsa madola 100 pa munthu mmodzi, ndipo m'sitima simulipira ndi ndalama zapamanja pachinthu chilichonse. Mumapatsidwa khadi limene limakhala kiyi wa chipinda chanu, chiphaso chanu komanso chikwama chanu, ndipo khadilo mumalilumikiza ndi khadi la kubanki kapena mumasiya ndalama zachikole tsiku loyamba. Poona mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, pitani kubanki kwanu nthawi ikadalipo mukafunse malire a ndalama zimene khadi lanu lingalipire kunja, kuti musakachite manyazi pakauntala malo atapezeka kale.

Tsiku la ulendo lisanafike, kuchipinda kwanu kumabwera kalata yonena malo ndi nthawi yokumana. Muiwerenge yonse. Nsapato ziyenera kukhala zotseka zala ndi zosaterera, choncho masilipasi ndi nsapato zazitali kuchidendene zisiyeni. Ulendowu umatenga maola awiri kapena atatu, mwinanso kuposerapo, ndipo uli ndi masitepe ambiri opapatiza, moti amene amavutika miyendo ayenera kufunsa asanalipire. Ana aang'ono nthawi zambiri saloledwa, ngakhale msinkhu wake umasiyana pakati pa makampani. Tengani juzi lopepuka, lomwe kwa munthu wa ku Mzuzu si chinthu chosowa, chifukwa mudzalowa m'zipinda zoziziritsira nyama ndi ndiwo zamasamba mutangochoka kumalo otentha ochapira. Ngati mwatsegula m'mimba kapena mukusanza, nenani ndipo musapite. Matenda a norovirus amafala mofulumira pamalo othithikana chotere, ndipo kulowa m'khitchini muli nawo ndi kuika anthu masauzande pachiswe.

Musadabwe akakusechani musananyamuke ndiponso mlonda akamakutsatirani njira yonse. Pambuyo pa zauchifwamba za pa 11 Seputembala 2001 ku America, maiko anagwirizana malamulo achitetezo cha sitima ndi madoko otchedwa ISPS Code, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2004, ndipo kuyambira pamenepo chipinda choyendetsera sitima ndi mbali ya injini zinakhala malo otetezedwa kwambiri. N'chifukwa chakenso kujambula zithunzi kumaloledwa malo ena ndi kuletsedwa malo ena. Funsani kaye musanatulutse foni, ndipo musajambule nkhope ya wantchito osamupempha.

Ulendo umayambira kawirikawiri kukhitchini, komwe mungaone mmene chakudya cha anthu masauzande chimagawidwira m'magulu: awa akuphika buledi usiku ndi usana, awa akusenda ndi kudula, awa akukonza msuzi, ndipo pakhoma pali zithunzi zosonyeza mmene mbale iliyonse iyenera kuonekera isanatuluke. Kuchoka pamenepo mumatsikira kunkhokwe za chakudya ndi kukhonde lalikulu loyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kwa sitima, limene pasitima zambiri antchito amalitcha I-95, dzina la msewu waukulu wa kum'mawa kwa America. M'khonde limeneli yendani m'mbali, chifukwa mumadutsa ngolo za katundu ndi anthu amene ali pantchito, osati pachionetsero.

Malo amene ambiri amawapeputsa, ochapira ndi osankhira zinyalala, ndi amene ine ndingalangize kuti muwaonetsetse. Kochapira kuli makina amene amalandira nsalu yoyala pabedi ili yonyowa n'kuitulutsa itasitidwa ndi kupindidwa. Kosankhira zinyalala amalekanitsa mabotolo, zitini, mapepala ndi zotsala za chakudya, amaphwanya magalasi ndi kufinya zitini kuti zisadye malo kufikira padoko. Pangano la maiko lotchedwa MARPOL limaletseratu kutaya pulasitiki m'nyanja, ndipo sitima zikuluzikulu zimakhala ndi mkulu woyang'anira za chilengedwe amene amasunga kaundula wa zinyalala. Ngati mudzakumane naye, mufunseni kumene madzi akuda amapita ndi mmene amawayeretsera. Mufunsenso za madzi akumwa, chifukwa ochuluka amapangidwa m'sitima momwemo kuchokera kumadzi amchere, powawiritsa kuti nthunzi isiye mchere kapena powakankha mwamphamvu kudutsa m'zosefera zapadera.

Za injini musayembekezere zambiri, pakuti alendo salowa pamene pali makina enieniwo. Mumafika m'chipinda choyang'anira injini, chodzaza ndi makompyuta, kumene mainjiniya amaonera zonse. Pasitima zambiri zamakono injini zimapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amayendetsa zopalasa komanso kuyatsa magetsi a m'zipinda, mafiriji ndi zoziziritsa mpweya. Pomalizira pake mumakwera kuchipinda choyendetsera sitima, chimene amachitcha bridge. Amene akuyembekezera chiwongolero chachikulu chathabwa amadabwa kupeza kachiwongolero kochepa ndi timitengo tating'ono togwira ndi zala. Chipindachi chimatulukira m'mbali zonse ziwiri kupitirira thupi la sitima, ndipo pasitima zambiri pamakhala galasi pansi loti woyendetsa aziona mpata wa pakati pa sitima ndi doko pokocheza. Lankhulani motsitsa mawu ndipo musakhudze kanthu. Kaputeni mwina simumupeza, popeza nthawi zambiri amene amafotokoza ndi mmodzi wa omuthandiza amene ali pantchito nthawi imeneyo, ndipo nyengo ikaipa mbali imeneyi ya ulendo ingathe kuchotsedwa popanda wina kukupepesani kwambiri.

Tsopano za kuitanidwa. Kampani iliyonse ili ndi kalabu ya makasitomala obwerezabwereza: MSC Voyagers Club ku MSC, Crown & Anchor Society ku Royal Caribbean, Latitudes Rewards ku Norwegian, Captain's Circle ku Princess, ndi Mariner Society ku Holland America. Kulowa n'kwaulere, ndipo mapointi amawerengedwa malinga ndi mausiku amene mwagona m'sitima, mtundu wa chipinda, ndiponso pamakampani ena ndalama zimene mwawononga. Mukakwera gawo, mumayamba kupeza envelopu kuchipinda yokuitanirani kuphwando la obwerera, komwe kumakhala zakumwa, kaputeni ndi akuluakulu ake. A m'magawo apamwamba amatha kuitanidwa kunkhomaliro ndi akuluakuluwo kapena kukaona mbali ina ya kuseri kwaulere. Njira yachidule koma yodula ndi kulipira chipinda chapamwamba, monga za mu MSC Yacht Club, komwe kuli malo odyera ndi opumulira a okhala m'menemo okha. Kampani ya MSC ilinso ndi dongosolo lotchedwa Status Match, lomwe limapatsa munthu gawo lolingana ndi limene ali nalo kale kukampani ina ya sitima kapena ya mahotela, ndipo pempho lake liyenera kutumizidwa ulendo usanafike. Amene amayendayenda pantchito n'kumagona m'mahotela akuluakulu ayenera kuyesa mwayi umenewu.

Ngati ulendowo ndi wa amene angokwatirana kumene kapena wokumbukira tsiku la ukwati, nenani pogula tikiti ndipo mutenge setifiketi ya ukwati, chifukwa sitima zina zimakonza kaphwando ka anthu otere. Kudya patebulo la kaputeni, kumene anthu amakumva kwambiri, kwachepa masiku ano, ndipo pamene kukuchitikabe amasankha ndi a m'sitima eni ake. Kupempha mwaulemu kamodzi sikulakwa, koma kukakamira sikupindula. Musasokoneze zimenezi ndi Chef's Table, chomwe ndi chakudya chamadzulo cholipira cha anthu ochepa, chimene pasitima zina chimayamba ndi kuyendera khitchini.

Kalata yoitanira ikabwera, onani ngati ikufuna yankho, ndipo muitenge popita pamodzi ndi khadi lanu. Imakhala ya amene walembedwa dzina, mwinanso ndi amene akugona naye chipinda chimodzi. Mwambo wathu wotengana ndi mnansi popita kuukwati sugwira ntchito pano, ndipo wolandira pakhomo ali ndi mndandanda. Valani monga yanenera kalatayo. Suti kapena diresi labwino n'zokwanira, ndipo chovala cha chitenje chosokedwa bwino ndi telala wa ku Taifa Market chimalandiridwa usiku wovala zaulemu.

Chinthu chimodzi choyenera kupeweratu ndi kunyengerera woperekera zakudya kapena wokonza chipinda kuti akulowetseni kuseri mwamseri. Anthuwa amakhala panyanja miyezi yambiri akugwira ntchito tsiku lililonse kuti atumize ndalama kwawo, ndipo kulowetsa mlendo kumalo a antchito kungawachotsetse ntchito, pamene inuyo mungatsitsidwe padoko lotsatira n'kudzilipirira nokha ulendo wobwerera. Amene alibe ndalama ya ulendo wolipira aziwerenga pulogalamu ya tsiku ndi tsiku imene imaikidwa kuchipinda kapena pa app madzulo aliwonse. M'menemo mumapezeka nthawi imene kaputeni ndi mainjiniya amayankha mafunso a alendo pabwalo la zisudzo, chionetsero cha ophika chimene pasitima zina chimatha ndi kudutsa m'khitchini kwaulere, ndiponso nthawi zina mwayi woona kuseri kwa siteji, kumene ovina amasinthira zovala. Zoterezi zimaikidwa kawirikawiri tsiku lomaliza la pakati panyanja, ndipo malo ake amadzaza msanga, choncho fikani mphindi 20 nthawi isanakwane.

Mukabwerera ku Mzuzu, lowani patsamba la kalabu ya kampaniyo pakatha masabata angapo muone ngati mapointi a ulendowo alembedwa pa nambala yanu. Ngati sakuoneka, lemberani kampaniyo mutatchula nambala ya tikiti, dzina la sitima ndi tsiku limene munanyamuka, ndipo nambala ya umembala yomweyo muzidzaipereka nthawi iliyonse imene mukugula tikiti ina.