Mukufuna DNP ya family nurse practitioner ku America? Yambirani apa

Anzanga manesi amene mukulakalaka kukhala family nurse practitioner, nesi uja amene amapima odwala, kutumiza magazi ku labu ndi kulemba mankhwala kuyambira kwa khanda mpaka agogo, tamvani za DNP (Doctor of Nursing Practice), digiri ya doctorate ya unesi.

DNP si PhD ayi. PhD ndi ya anthu a kafukufuku, DNP ndi ya inu amene mukufuna kumaonabe odwala. Bungwe la sukulu za unesi la AACN linanena kale mu 2004 kuti manesi a pamwambawa azifika pa DNP, bungwe la aphunzitsi a ma nurse practitioner la NONPF nalo mu 2018 linaika 2025 ngati chaka chosinthira, koma masters ikukwanabe kuti munthu apeze laisensi, ndiye musathamangire chifukwa cha mantha, lowani chifukwa mwaifunadi.

Poyambira pamafunika BSN (digiri yoyamba ya unesi) ndi laisensi ya RN (registered nurse). Kuchokera pa BSN ndi zaka 3 kapena 4, ngati muli ndi MSN (masters ya unesi) kale chaka chimodzi kapena ziwiri. Sukulu yake ikhale yovomerezedwa ndi bungwe loyendera sukulu za unesi monga CCNE, ACEN kapena CNEA, apo ayi mayeso a satifiketi sadzakulolani kulemba.

Tsono pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa preceptor, nesi kapena dokotala amene adzakuyang'anireni ku kiliniki. DNP imafuna maola osachepera 1,000 a pulakitikale kuwerengera kuchokera pa BSN, ndipo sukulu zina makamaka za pa intaneti zimangokusiyani kuti mudzipezere nokha, ndiye munthu umangozungulira makiliniki CV ili m'manja, kuimba mafoni, kutumiza maimelo osayankhidwa, semesita n'kudutsa fizi utalipira kale, zimandipweteka mtima kwabasi. Komanso preceptor mmodzi sakwana, pamafunika wa ana, wa azimayi, wa akuluakulu, ndipo wa ana ndi wa azimayi ndi amene amavuta kupeza. Musanalembetse afunseni a sukuluyo mwatchutchutchu kuti wopeza preceptor ndani, inu kapena iwo, yankho likhale lolemba. Funsaninso ngati amaloledwa kuphunzitsa anthu a mu state yanu.

Pulojekiti yomaliza sankhani vuto la pantchito panu pomwepo, mwachitsanzo odwala shuga amene sakupimidwa mapazi, mukonze kachitidwe kake kenako muyeze ngati zasintha.

Mukamaliza mulembe mayeso a satifiketi ya family nurse practitioner (FNP), a bungwe la AANP kuti mukhale FNP-C kapena a bungwe la ANCC kuti mukhale FNP-BC, basi kenako mupemphe laisensi ya APRN (ya manesi a pamwamba) ku board ya manesi ya state yanu. Werenganinso malamulo akumeneko chifukwa kwina mumagwira panokha, kwina mpaka musainirane kaye ndi dokotala.