Sambani m'manja, musasambitse kiyibodi

Tsiku lina ndinafika pa tchalitchi china ku Kapata, mumzinda wa Chipata, n'kupeza mnyamata wa kwaya akupopera madzi a Jik pa kiyibodi ngati akuthira mankhwala m'dimba la repu. Mtima wake unali wabwino. Ana asanu ndi mmodzi ankaphunzira pa chida chomwecho, ndipo kolera inali nkhani ya m'kamwam'kamwa. Patatha sabata, makiyi atatu apakati anasiya kulira: madzi anali atalowa m'mipata n'kuwononga zamkati.

Inu aphunzitsi ndi atsogoleri a kwaya, yambani mwadziwa matenda amene abwerawo, chifukwa sayenda njira imodzi. Kolera, imene inachititsa kuti masukulu a ku Zambia atsegulidwe pa 12 February m'malo mwa 8 January mu 2024, imalowera pakamwa kudzera m'madzi, chakudya ndi manja osasamba. COVID-19, imene inatseketsa masukulu mu March 2020, imayenda kwambiri ndi mpweya, monganso chimfine.

Pa kolera, nkhondo yake ili pakhomo la chipinda. Ikani ndowa ya mpopi ndi sopo, mwana aliyense asambe kwa masekondi 20 asanakhale pa benchi, asambenso akamaliza. Apukute kaye, manja aume gwa. Ngati mukugwiritsa ntchito sanitayiza, dikirani iume, chifukwa mowa umene ulimo ungathe kuchititsa ming'alu pa makiyi. Kapu imodzi yomwera kwaya yonse ichoke, ndipo chimanga chootcha kapena vitumbuwa adyere kutali ndi chida.

Piyano yeniyeni ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo pansi pake pali matabwa ndi nsalu zimene zimafufuma zikanyowa. Makiyibodi a Yamaha kapena Casio amene ali ambiri m'matchalitchi athu nawonso amadana ndi madzi. Zimitsani magetsi, nyowetsani kansalu kofewa m'madzi a sopo pang'ono, kafinyeni mpaka kasadonthe, kenako pukutani kiyi imodziimodzi kuchokera kumbuyo kubwera kwa inu. Mukapukuta chopingasa mumakankhira chinyezi m'mipata. Malizani ndi kansalu kouma. Jik ndi wa pansi, m'chimbudzi ndi zogwirira zitseko.

Chimene chimandivuta kwambiri kuuza aphunzitsi ndi ichi. Tinazolowera kukhala benchi imodzi ndi mwana, phewa ndi phewa, kumugwira chala chachikulu n'kuchipinda pansi pa zinzake kuti adziwe kuwoloka. Ndi mmene ambiri tinaphunzirira, ndipo n'zokoma. Koma pa nthawi ya matenda a mpweya, tengani mpando wanu mukhale mita imodzi kapena kuposapo. Mwana asunthe, muonetse, musunthe inu, ayese. Nonse muvale masiki. Mazenera akhale otsegula ngakhale mu June kukuzizira, ndipo ngati pali khonde, kiyibodi ndi yopepuka, itulutseni. Kuimba mokweza kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kulankhula, choncho oimba asaunjikane kumbuyo kwa woliza.

Mwana amene akutsokomola kapena kutentha thupi akhale kunyumba, ndipo musamudule ndalama ya tsikulo, chifukwa makolo akaopa kutaya ndalama amamutumiza ali wodwala. Mujambulireni makiyi pa katoni aziyeseza zala, kapena mutumizireni kavidiyo pa WhatsApp. Akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, ayambe kumwa ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, nthawi yomweyo, ali pa njira yopita ku kiliniki.