Kumanga pamwamba pa njanji: poyambira pogawa malo a pa siteshoni

Kuno ku Zomba kulibe njanji. Inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo poipitiriza mpaka ku Salima m'zaka za m'ma 1930 inadzera ku Balaka n'kutilambalala, ngakhale boma linali konkuno. Wofuna kuona sitima amatsika msewu wa M3 mpaka ku Liwonde. Komabe ife ojambula mapulani a nyumba ntchito imatitengera ku Liwonde, Balaka ndi Limbe, ndipo eni ndalama ayamba kufunsa: bwanji osamanga mashopu, maofesi ndi nyumba zogona pamwamba pa njanji penipeni monga amachitira kunja? N'zotheka, koma khonsolo igawe malowo kuyambira pansi, pomwe pakudutsa sitima.

Choyamba, dziwani mwini malo. Njanji ndi malo a m'mbali mwake ndi za boma, ndipo kuyambira mu 1999 amayendetsa ndi kampani ya Central East African Railways. Khonsolo singagawe mapuloti pamenepo yokha ngati mmene ingagawire ku Matawale kapena ku Chinamwali. Pakhale pepala lomveka lonena kuti pansi m'pa sitima, ndipo kuyambira pamsinkhu wakuti kukwera m'mwamba womanga wabwereka kwa zaka zakuti. Msinkhuwo autchule ndi mainjiniya a njanji, osati womanga, ndipo asiye mpata woti mtsogolo muno pakhoza kudzadutsa mawaya a magetsi oyendetsera sitima, kapena kuyalidwa njanji yachiwiri. Mzati wa konkire ukangoima pamalo olakwika, palibe adzauzule.

Kenako pitani pa siteshoni ya ku Liwonde mukaime m'mbali mwa njanji, sitima ya malasha ochokera ku Moatize ikamadutsa ulendo wa ku Nacala. Mudzamva nthaka ikunjenjemera m'mapazi, malata a magolosale apafupi akulira, ndipo utsi wa dizilo umakhalitsa m'mphuno sitima itapita kale. Apa m'pamene tisiyanira ndi anzathu akunja. Ku New York anasintha malamulo a malo a Hudson Yards mu 2005, n'kuthira chidenga cha konkire ndi zitsulo pamwamba pomwe amaimika sitima, gawo loyamba n'kutsegulidwa mu 2019. Koma sitima zambiri za kumeneko n'zamagetsi ndipo zimanyamula anthu. Zathu zonse n'zadizilo, ndipo zambiri zimanyamula malasha, fetereza ndi mafuta. Mukazivindikira, utsiwo utulukira kuti? Tanki ya mafuta itagwira moto pansi pa nyumba yogona anthu, ozimitsa moto alowera pati? Lamulo la malowo liyankhe mafunso awiriwa lisanatchule n'komwe za chiwerengero cha nsanjika.

Ine ndingagawe malowo patatu. Pamwamba pa njanji penipeni pakhale zopepuka zokha, zomwe anthu sagonamo: mlatho wotakasuka wa oyenda pansi, wokhala ndi mabenchi a malonda mbali zonse ndi denga lolowa mphepo. Pafupi ndi siteshoni pakhale nyumba zosanjikizana, pansi mashopu, malo odyera ndi zimbudzi zolipira, pakati maofesi kapena malo ogona alendo. Nyumba za mabanja, sukulu ya mkaka ndi chipatala zikhale kumbuyo kwa zimenezi, kuti makoma a mashopuwo azitchinga phokoso. Ngati wina akakamira kumanga chachikulu chodutsa pamwamba, atengere nyumba ya Exchange House ya ku London, yomalizidwa mu 1990 pa siteshoni ya Liverpool Street: inamangidwa ngati mlatho, kulemera kwake kukatsamira mbali ziwiri za njanji.

Chomwe chimandipweteka m'mapulani ambiri n'chakuti mayi wogulitsa nthochi ndi chinangwa chophika, mnyamata wa kabaza ndi dalaivala wa minibasi saoneka paliponse, pomwe ndi iwo amene amadzaza siteshoni sitima ikangoima. Mukapanda kuwalembera malo, adzadzipezera okha, ndipo kawirikawiri amakakhala m'mphepete mwa njanji momwe muli ngozi. Lembani m'malamulomo kuti womanga aliyense asiye gawo la pansi la mavenda pa lendi yotsika, poimika njinga ndi pokwezera minibasi, komanso mpopi ndi ngalande. Ku Liwonde, komwe mtsinje wa Shire uli pafupi ndipo malo ndi athyathyathya, ngalandeyo ijambulidwe nyumba zisanajambulidwe.

Za ndalama n'zachidule. Chidenga cha pamwamba pa njanji n'chodula kwambiri, ndipo chimabweza ndalama pokhapokha malo atasowa n'kukwera mtengo. Ku Hong Kong kampani ya njanji ya MTR imapatsidwa ufulu womanga pa masiteshoni ake, phindu la nyumbazo n'kuthandiza kulipirira njanji, chifukwa kumeneko malo ndi ochepa zedi. Kwathu kuno ndi ku Limbe kokha komwe ndingayerekeze kuwerengera zotere. Ku Liwonde ndi ku Balaka malo a pambali akadalipo, choncho mangani pambalipo, pamwamba mungosungapo ufulu.

Pomaliza pake m'pa mapepala. Pulani idutse ku komiti yoona za mapulani motsata lamulo la Physical Planning Act la 2016, ndipo ntchito yaikulu chotere imafunika kafukufuku wa zachilengedwe wovomerezedwa ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA. Kalata yovomera ya a njanji ikhale pamwamba pa fayiloyo. Msonkhano womva maganizo a anthu uchitikire pa siteshoni pomwepo, m'Chichewa ndi m'Chiyao, mafumu ndi makomiti a msika alipo, mapulani atapachikidwa pakhoma kuti aliyense aloze ndi chala pomwe pali benchi lake.